Manzanita, Chitsamba Chimene Mbewu Zake Zimadikira Moto

Kumadzulo kwa dziko la America, kumene mtunda umathera m'nyanja yaikulu ya Pacific, kuli chigawo chotchedwa California, chimene nyengo zake zinaikidwa movuta kwa chomera chilichonse chofuna kukhalako. Pakuti mvula ya kumeneko imagwa m'miyezi yachisanu, kuyambira Novembala kufikira Malichi kapena Epulo, pamene dzuwa lili lofooka ndi usiku uli wautali, koma kutentha kukafika, ndiyo nthawi imene chomera chikadakondwa kukula, kumwamba kumatsekeka, ndipo pamapita miyezi 5 kapena 6 osagwa dontho lakuti n'kunyowetsa fumbi. Madzi ndi kufunda, zinthu ziwiri zimene mmera uliwonse umazifuna pamodzi, zimakomana kanthawi kochepa chabe, kenaka n'kusiyana. Ndipo chilimwe chikamapita kumapeto, tchire lonse litauma gwaa, kumabuka mphepo youma yochokera kuchipululu, imene anthu a kum'mwera kwa chigawocho amaitcha Santa Ana, yomwe ikapeza kamoto kakang'ono imakasandutsa chimoto chonyambita mapiri.

M'mapiri otere, pa malo otsetsereka amiyala pamene mitengo italiitali imalephera kuima, pamamera nkhalango ya zitsamba zothithikana, zolimba masamba, zolukanalukana nthambi kotero kuti munthu sangapyolemo choimirira. Eni dziko amaitcha nkhalangoyi chaparral. Mwa zitsamba zonse za m'menemo, chimene mlendo amayamba kuchizindikira, osachiiwalanso, ndicho manzanita. Akatswiri a zomera amautcha mtundu wonsewu Arctostaphylos, ndipo amawerengamo mitundu yokwana ngati 60, imene yambiri ndithu sipezeka kwina kulikonse pansi pa thambo koma ku California kokha, ngakhale kuti ina inafalikira kumpoto mpaka ku British Columbia, m'dziko la Canada, ndi kum'mwera mpaka m'mapiri a Mexico. Ina imayanga pansi osapitirira m'bondo. Ina, monga Arctostaphylos glauca wa zipatso zazikulu, imakula kufika mamita 6, nioneka ngati mitengo. Banja lake ndi la Ericaceae, ndipo amene anakwerapo phiri la Mulanje kapena la Nyika anadutsa pakati pa abale ake a kutali, tizitsamba ta masamba ang'onoang'ono ta mtundu wa Erica timene timamera pamwamba pa mapiriwo.

Ulemerero wa chitsambachi uli pa khungwa lake. Pamene mitengo ina imadzitchinjiriza ndi makungwa ochindikala, okakala ndi ong'aluka, mitundu yambiri ya manzanita imavala khungwa lopyapyala, losalala, lofiira moderapo ndi lonyezimira, lokuta nthambi zokhotakhota zimene palibe ngakhale imodzi yowongoka. Ndipo chaka ndi chaka, mvula ikangotha, khungwa lakalelo limang'ambika, nilipindika tizidutswa topyapyala, n'kuyoyoka, kusiya khungu latsopano lobiriwira limene posachedwa limafiiranso. Akatswiri ambiri amaganiza kuti kufundula kumeneku ndi njira yodziyeretsera, pakuti ndere, chuku ndi mazira a tizilombo, zimene zinayamba kukhazikika pa nthambi, zimagwera pansi pamodzi ndi khungwalo. Ndipo m'khungwamo muli mankhwala owawa, a mtundu uja wofufutira zikopa, amene tizilombo sitiwakonda.

Koma chimene chimandigwira mtima koposa ndi chimene chitsamba chokalamba chimachita m'zaka za chilala. Sichiyesa kusunga thupi lake lonse, koma chimalola nthambi zina kufa, pamodzi ndi mbali ya thunthu imene inkazimwetsa madzi, kotero kuti munthu amaona mtengo wotuwa ndi wouma, ndipo pa mtengo woumawo pakuyenda mzera wofiira wa khungwa lamoyo, wopota kukwera m'mwamba kufikira nthambi imodzi kapena ziwiri zimene zikadali ndi masamba. Wosadziwa amati chitsamba chadwala, nathamangira nkhwangwa. Chikhalirecho chikhoza kukhala chomwecho zaka makumimakumi, chikuphuka ndi kubala. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo chitsamba chofuna kusunga nthambi zonse pa madzi osakwanira chikadataya zonse.

Masamba ake, amene sayoyoka nyengo iliyonse ya chaka, ndi ang'onoang'ono, ochindikala ndi olimba, ndipo pa mitundu yambiri ndi otuwa chifukwa cha phula kapena tiubweya timene timawakuta. Sayala nkhope kulandira dzuwa monga achitira masamba a mitengo ya kumalo amvula, koma amaima chilili, kulozetsa m'mphepete mwake kumwamba, kotero kuti dzuwa lowawa la masana limangowapsepsa, ndipo kuwala kumene amadyera ndi kwa m'mawa ndi kwa madzulo, pamene madzi satha msanga m'tsamba. Pa chifukwa chimenechi, m'mitundu yambiri tsamba lilibe kumimba ndi kumsana. Mbali zonse ziwiri n'zofanana, ndipo timabowo topumira tili uku ndi uku.

Maluwa amakonzedwa kudakali kutali. Mvula ikamatha, nsonga za nthambi zimatulutsa tinsinga ta maluwa osakhwima, timene timangolendewera osasintha chilimwe chonse, miyezi yonse ya ludzu, kudikira kuti mvula yoyamba ikadzagwa tidzaphuke mwamsanga, zomera zina zisanadzuke. Chotero m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, kukuzizira, manzanita amakhala atadzaza ndi timaluwa toyera kapena tofiirira, totupa m'mimba, tothina pakamwa, tolozetsa kamwa pansi kuti mvula isalowemo. Mungu wake sutuluka wamba. Uli wotsekeredwa m'timatumba tokhala ndi kabowo kunsonga, ndipo umakhuthuka pamene njuchi zazikulu zaubweya zagwira duwalo ndi kulinjenjemeretsa ndi minofu ya mapiko awo, zosauluka, zikungolira. Nthawi imeneyo mungu umawaza pamimba pa njuchiyo, niupita nawo ku duwa lina. Njuchi zimenezi, pamodzi ndi choso wa ku America, kambalame kamene kamamwa timadzi ta m'duwa kataima m'malere, zimadalira manzanita pa nyengo imene maluwa ena kulibe.

Pansi pa nthaka palinso chipangano china. Mizu ya manzanita imalukana ndi ulusi wa bowa, umene umafika m'timing'alu ta miyala momwe muzu sungalowe, nutengako madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo chitsamba chimaubwezera shuga wopangidwa m'masamba. N'chifukwa chake manzanita amakhala pa dothi limene mlimi aliyense angalikane: pa mchenga wosabala, pa dongo lowawasa, ndi pa mwala wobiriwira wotchedwa serpentine, umene uli ndi magnesium wambiri, nickel ndi chromium, koma calcium wochepa, ndipo umapha mbewu zambiri. Apa mpamene pagona chinsinsi cha kuchuluka kwa mitundu yake, pakuti kagulu kalikonse kamene kanazolowera dothi lake, pa phiri lake, kanasiyana pang'onopang'ono ndi anzake, mpaka lero pali mitundu imene dziko lake lonse ndi mapiri awiri kapena atatu. Arctostaphylos myrtifolia amamera pa dothi lowawasa la pafupi ndi tauni ya Ione. Arctostaphylos densiflora, amene ana ake adzaza m'minda ya maluwa ya anthu, kutchire anatsala pa kamalo kamodzi kokha m'boma la Sonoma.

Tsono tifike pa moto, pakuti popanda kumvetsa za moto sitingamvetse chitsamba chimenechi. Moto wa m'chaparral suyenda pansi n'kusiya mitengo ili chiimire. Umakwera m'nthambi, nutentha zonse, kusiya phiri lakuda bii ndi zitsa zokhazokha. Pamaso pa chiwonongeko chotere mitundu ya manzanita inagawikana pawiri. Gawo limodzi, limene ndi laling'ono, monga Arctostaphylos glandulosa, lili ndi chimfundo chachikulu cholimba patsinde, theka lake lokwiririka m'nthaka, chodzaza ndi chakudya ndi maso a mphukira ogona. Moto ukadutsa, chimfundocho chimatsala chamoyo, ndipo pasanapite nthawi, ngakhale mvula isanagwe, mphukira zanthete zimatuluka pa phulusa. Chitsamba chotere chikhoza kupsa kambirimbiri, chimfundo chake chikungokulirakulira, ndipo nthambi zimene munthu aziona lero ndi zazing'ono msinkhu poyerekeza ndi tsinde limene zaphukapo.

Gawo lalikulu, lokwana pafupifupi mitundu iwiri mwa itatu iliyonse, linasankha njira yoopsa kwambiri: lilibe chimfundo, ndipo moto ukafika limafa ndithu, osaphukanso. Chiyembekezo chake chonse chili m'mbewu. Chaka ndi chaka zipatso zimagwa, zina n'kudyedwa ndi zimbalangondo, nkhandwe, agalu a m'tchire otchedwa coyote ndi mbalame, zimene zimakataya njere zake kutali, zina n'kutoledwa ndi mbewa ndi agologolo, amene amazikwirira m'nthaka kuti adzadye mtsogolo, naiwala zina. Ndipo njere zimenezi, zokutidwa ndi chikhokhombe cholimba, zimagona m'dothi zaka 20, 40, kapena kupitirira, mvula ikugwa ndi kuleka, osamera, chifukwa pansi pa mthunzi wa makolo ake mmera sungakhale ndi moyo. Chimene chimazidzutsa ndi moto, makamaka mankhwala a mu utsi ndi m'makala amene mvula yoyamba imalowa nawo m'nthaka. Pamenepo njere imazindikira kuti pamwamba payera, mthunzi wachoka, phulusa lathira chonde, ndipo phiri limene linaoneka ngati lafa limadzala ndi timbande zikwizikwi. Ngakhale mbewa ija, imene inkaoneka ngati mbala, imapezeka kuti inachita zabwino, pakuti njere yotsala pamwamba imapsa, koma imene inakwiriridwa pansi pang'ono imapulumuka. Olima maluwa amene afuna kumeretsa njerezi amadziwa zimenezi, ndipo ena amayala masamba ouma a paini pamwamba pa nazale n'kuwatentha.

Pomva zimenezi munthu akhoza kunena kuti ngati chitsambachi chimabadwa ndi moto, ndiye kuti moto uliwonse ndi bwenzi lake. Komatu apa mpamene ambiri anasokera. Kalekale, pamene woyatsa moto m'mapiri amenewa anali mphezi, imene siigwa kawirikawiri m'mbali mwa nyanja, phiri linkatha zaka 30, 50, ngakhale 100 ndi kupitirira lisanapsenso, ndipo m'zaka zimenezo timbande tinkakula, kuphuka, ndi kubwezera m'nthaka mbewu zolowa m'malo mwa zimene zinamera. Masiku ano, kum'mwera kwa California, moto woposa 90 pa 100 uliwonse umayamba ndi anthu, ndi mawaya a magetsi, magalimoto, makina ndi kusasamala. Ndipo phiri likapsa kawiri m'zaka zosakwana 10, moto wachiwiriwo umapeza zitsamba zisanabale mokwanira, nkhokwe ya m'nthaka ili yopanda kanthu, nuzitha psiti, popanda wolowa m'malo. Pamalopo pamamera udzu wachilendo umene unabwera ndi azungu kuchokera ku Ulaya, udzu womera ndi kuuma chaka chomwecho, umene umayaka msanga kuposa chitsamba chilichonse. Ndipo popeza moto umapita kumene kwatsala tchire, udzuwo umaitana moto wina, motowo n'kukuza malo a udzu, mpaka nkhalango imene inapirira moto kwa zaka zikwizikwi yasanduka dambo la udzu wouma. Ndimaona kuti n'chinthu chomvetsa chisoni kuti chomera chimene chinagonjetsa chilala, dothi loipa ndi malawi chigonje chifukwa chongomanidwa zaka zochepa zopumira.

Anthu oyamba a dzikolo, a mitundu ya Miwok, Pomo, Yokuts, Wintu, Mono, Chumash ndi ena ambiri, anadziwa manzanita ngati chakudya azungu asanafike. Chipatso chake n'chaching'ono, chobulungira, chofiira moderapo chikapsa, ndipo m'kati mwake simuli madzi koma ufa wouma, wotsekemera mowawasa, wozinga njere zolimba. Akazi ankathyola zipatsozi m'chilimwe, kuziyanika, ndi kuzisunga m'madengu kufikira nyengo yachisanu. Zina ankazisinja n'kupeta ufa wake wophikira phala kapena timikate. Koma chotchuka koposa chinali chakumwa, chimene ankachikonza potswanya zipatso, kuziika m'dengu lolukidwa mwa mtundu wa khuntho, ndi kuthira madzi pang'onopang'ono kuti adonthere m'chotengera cha pansi, atatenga kukoma konse ndi kusiya zinyalala. Amene anakulira m'chigwa cha Shire, kumene masau ouma amasinjidwa ndi kusungunulidwa m'madzi, sadzavutika kumvetsa kukoma kwa chakumwa chotere pa tsiku lotentha. Mitundu ya anthu oyamba ija inazunzika koopsa, choyamba m'mamishoni a anthu a ku Spain kuyambira 1769, ndipo kenaka, moposa, pamene golide anapezeka mu 1848 ndi khamu la ofuna chuma linasefukira m'dziko lawo. Koma zidzukulu zawo zilipo, ndipo chakumwacho chikukonzedwabe.

Masamba a manzanita anthu oyambawo ankawawiritsa kuti apeze mankhwala otsukira zilonda ndi zotupa zoyabwa zimene chomera chotchedwa poison oak chimabweretsa pakhungu, ndiponso oletsa kutsegula m'mimba. Ku Mexico zipatso za Arctostaphylos pungens, zimene kumeneko amati pingüica, zimagulitsidwa m'misika ngati mankhwala a impso ndi chikhodzodzo. Ndipo mbale wake woyanga pansi, Arctostaphylos uva-ursi, amene yekha anazungulira maiko onse ozizira a kumpoto, ku America, ku Ulaya ndi ku Asia, masamba ake ali ndi mankhwala otchedwa arbutin, amene asing'anga a ku Ulaya akhala akuchizira nawo matenda a njira ya mkodzo kwa zaka mazana ambiri.

Mtengo wa manzanita ndi wolimba ndi wolemera, koma pokhala wokhotakhota, ndiponso wong'aluka pouma, sutulutsa thabwa. Unkasemedwa zipande, ndodo ndi zokumbira mizu. Lero nthambi zake zimagulidwa zokometsera m'nyumba ndi zoti zinkhwe zoweta zizitera, popeza mlomo wa chinkhwe suzitha msanga. Nkhuni zake zimayaka ndi ukali wotha kupinda mbaula ya chitsulo chopyapyala. Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene mitengo yosemera makaliwo a fodya inaleka kufika ku America kuchokera ku maiko a m'mbali mwa nyanja ya Mediterranean, amalonda anatembenukira ku zimfundo za manzanita, nazikumba m'mapiri, nasema makaliwo amene ankagulitsidwa ndi dzina lakuti Mission Briar. Ndipo chimfundo chimene moto unalephera kuchipha chinazulidwa ndi khasu tsiku limodzi. Nawonso amene amabzala manzanita pakhomo amamupha kawirikawiri ndi chifundo chosadziwa, pomuthirira madzi m'chilimwe, pakuti dothi lofunda ndi lonyowa limaweta tizilombo toola mizu, timene chitsamba cha m'dziko la chilimwe chouma sichinaphunzire kulimbana nato.

Mbiri ya mtundu umodzi iyenera kukambidwa payokha. Mayi Alice Eastwood, wobadwira ku Toronto mu 1859, amene anayang'anira nyumba yosungira zitsanzo za zomera ya California Academy of Sciences kwa zaka zambiri, anali mmodzi wa anthu amene anakonda manzanita ndi mtima wonse, natcha maina mitundu yake ingapo. Ndi mayi yemweyu amene pa chivomezi cha mu Epulo 1906, moto ukuyandikira, anakwera m'nyumba yogumuka ya bungwelo pogwira zitsulo za m'mbali mwa makwerero osweka, napulumutsa zitsanzo 1,497 zamtengo wapatali, zotsala zonse zisanapse. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1905, iye anali atalemba za chitsamba chachifupi choyanga, chomera pa mwala wa serpentine m'kati mwa mzinda wa San Francisco, nachitcha Arctostaphylos franciscana. Mzindawo pokula unameza malo ake amodziamodzi, mpaka chinatsala m'manda akale, makamaka a Laurel Hill, kumene akufa anachitchinjiriza kwa amoyo. Koma akuluakulu a mzinda atalamula kuti mitembo isamutsidwire ku tauni ya Colma ndi kuti pamandapo pamangidwe nyumba, akatapila anafika, ndipo chitsambacho chinaonedwa komaliza kutchire mu 1947. Okonda zomera owerengeka anathamangira kumandako nazula zina, n'kukazibzala m'minda yosungira zomera, ndipo kwa zaka 62 dziko linkakhulupirira kuti mtunduwo unatha kutchire.

Mu Okutobala 2009, katswiri wa zomera dzina lake Daniel Gluesenkamp, akuyendetsa galimoto pa msewu wa Doyle Drive pafupi ndi mlatho wa Golden Gate, anaona pa kachilumba ka pakati pa misewu chitsamba choyanga chimene chinaonekera chifukwa antchito okonzanso msewuwo anali atangodula zitsamba zazitali zimene zinkachibisa. Anabwererako, naitana anzake odziwa manzanita, ndipo anatsimikiza kuti chinali chomwecho cha mayi Eastwood, chitakhala zaka zonsezo pakati pa utsi wa magalimoto osawerengeka, popanda wochizindikira. Popeza chinali panjira ya msewu watsopano, mu Januwale 2010 anachikumba pamodzi ndi dothi lake lonse, cholemera matani pafupifupi 10, nachinyamula pa lole kupita nacho pamalo obisika m'nkhalango ya Presidio. Ndipo mu 2012 boma la America linachilemba m'kaundula wa zamoyo zotsala pang'ono kutha, zimene lamulo limaziteteza.

Kupulumutsa chitsamba chimodzi sikunathetse nkhawa ya ochisamalira, pakuti ali ndi chitsanzo pafupi pomwepo. M'nkhalango yomweyo ya Presidio muli manzanita wina amene Peter Raven, akali mnyamata wa sukulu, anamupeza mu 1952 atatsala yekha, ndipo kufikira lero pafupifupi zitsamba zonse za mtundu umenewo ndi nthambi zodulidwa ku tsinde limodzilo, chifukwa mutu umodzi susenza denga, ndipo duwa losalandira mungu wa chitsamba china silibala mbewu zambiri zamoyo. Mwayi wa franciscana ndi wakuti zidzukulu za zitsamba zija zinazulidwa kumanda zikadalipo m'minda yosungira zomera, ndipo cholinga cha osamalira ndicho kuzibzala moyandikana ndi chopezeka pamsewucho, kuti njuchi zinyamule mungu pakati pawo. Zikadzabala, njerezo zidzagwera m'nthaka ndi kugona monga mwa chikhalidwe cha mtundu wake, umene ulibe chimfundo patsinde. Ndipo popeza palibe amene angalole moto wa tchire m'kati mwa mzinda wa San Francisco, ntchito ya kuzidzutsa ndi utsi ndi makala idzakhala m'manja mwa anthu.